Ukwati wa Amayi M'lichero Lachitatu

Panali malichero atatu. Ndikatsinzina ndimawaonabe atandandalikidwa patebulo la amalume, pakhonde la kanyumba kawo ku Lirangwe, lililonse litamatidwa kapepala kolembedwa ndi cholembera chonenepa chija chonunkha ngati mankhwala a kuchipatala. Loyamba linalembedwa ZOLOWA, lachiwiri ZA ENA, lachitatu ZODIKIRA. Malicherowo anali a amayi. Anali atada m'mphepete ndi thukuta la m'manja, ndipo gaga anali atakanirira m'mipata ya nsungwi, moti pepala lililonse likagonamo linkadzuka likununkha chigayo. M'chilimwe chonse chija ndinaona pepala limodzi lokha likutuluka m'lichero lachitatu, ndipo ndi limene ndikufuna kukamba.

Inali nyengo ija matipate atangofika kumene, pamene mabungwe ankamera paliponse ndipo aliyense wokhala ndi cholembera pathumba la malaya anali mlembi wa chinachake. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali ndi zolembera zinayi, zitatu zosalemba. Anagwirako umesenjala m'tauni mpaka pamene anawatuma kukasiya kalata ku Limbe n'kubwera nayo mwezi utatha, akuti ku Limbe sanaoneko munthu wooneka woyenera kuilandira. Ku Madziabango kumene anakwatira nako anawabweza, choncho anamanga kanyumba kuseri kwa khola lathu. Anthu a m'mudzi anawasankha kukhala mlembi wa komiti ya mjigo chifukwa ankavala jekete. Chifukwa china panalibe. Ndafunsa akuluakulu amene analipo, ndipo amene akadali moyo amangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Jekete ija inatipusitsa."

Bungwe lomwe linakumba mjigowo linaitana alembi onse ku wekishopu ku Blantyre, kuti akaphunzire kusunga mapepala ndi kulongosola ntchito. Amalume anapita ndi nkhope ya munthu wamba, anabwerako masaya atatupa ndi nkhuku za ku loji, kukhwapa kuli chikwatu cha pulasitiki, mkamwa muli mawu atsopano. Mawuwo anali akuti sisitimu. Madzi osamba akachedwa, vuto linali sisitimu. Mbuzi ikalowa m'dimba, ndiye kuti inalibe sisitimu. Tsiku lina anayang'ana kumwamba, n'kuona akhwangwala akuuluka aliyense kolowera kwake, anapukusa mutu n'kunena kuti dziko lino silidzatukuka. Ndinali pomwepo. Mphenzi indipeze ngati ndawonjezera.

Panopa ndine mayi wamkulu, ndimagwira ntchito muofesi, ndipo njira imene anawaphunzitsa ndimaidziwa, chifukwa imabwerabwera itavala malaya ena. Chaka chathachi inatipeza pafoni. Si yoipa ayi. Imati chilichonse chimene chikukuzunguza mutu uchilembe papepala, uchiponye malo amodzi. Kenako uzitenga mapepalawo limodzilimodzi. Ntchito yoti ingathe m'mphindi ziwiri, ichite pompo. Yoyenera munthu wina, mpatse. Yodikira kanthu, iike padera. Yotsalayo ndi yako, uigwire ndi manja ako. Ndipo sabata ikamatha ukhale pansi, uonenso zonse zimene unaika padera, kuti zisaolere komweko.

Amalume ankanena poyera kuti sanatenge zonse. "Ine sindinameze chilichonse ayi," ankatero, "ndinangotapako zondithandiza." Anatapako kulemba. Anatapako kupatsa ena. Kuika padera anatapa ndi manja awiri. Za kugwira ntchito yako wekha akuti ankaphunzitsa nkhomaliro itangotha, nthawi imene munthu aliyense waulemu wake amakhala akusinza. Za kuonanso mapepala sabata ikamatha zinali za tsiku lomaliza, iwo atathamangira kale minibasi. Lamulo la mphindi ziwiri analisunga ndithu, koma wotchi yawo inaima chaka cha riferendamu, ndiye ankangoyerekeza, ndipo m'kuyerekeza kwawo ntchito ya mphindi ziwiri padziko lonse inali imodzi, kumwa tiyi.

Ku wekishopu anaona matileyi a pulasitiki osanjikiza. Ku Lirangwe kunalibe, ndiye anatenga malichero Lamulungu lina amayi ali kutchalitchi.

"Achimwene, ndizipetera chani tsopano, chipewa chanucho?" anafunsa amayi atabwera.

"Lembani dandaulo lanu, achemwali, muponye umo. Tiliona."

Amayi anakabwereka lichero kwa mayi oyandikana nafe, Asilamu ogulitsa zitenje m'misika, mnzawo wa pamtima. Mayiwo atamva chifukwa chake anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi, mtsuko uli pamutu.

Lichero la ZA ENA linali langa ndi amayi. M'mawa uliwonse tinkapezamo timapepala: kufolera chimbudzi, kuchapa jekete, kukabwereka mchere. Lichero la ZODIKIRA linali la mtundu wonse wa anthu. Mjigo utathyoka, pepala lakuti "kukonza mjigo" linalowa mmenemo, ndipo azimayi anabwerera kumtsinje kukafukula mchenga monga ankachitira asanamve za chitukuko. Uthenga wa maliro a ku Lunzu unalowa mmenemo, ndipo pamene tinaumva kwa anthu ena, wamasiye anali atakwatiwanso. Mapepala atachuluka n'kufewa, thadzi lathu la mawangamawanga linaona kuti pamudzi ponse palibe malo ena osagwedezeka ngati amenewo. Linaikira mmenemo, linafungatira, linaswa. Anapiyewo anakula, mmodzi n'kudzaikiranso momwemo, pamwamba pa nkhani ya mjigo. Funsani aliyense wa ku Lirangwe wa msinkhu wanga. Pansi pake chiswe chinakwera mwendo wa tebulo n'kuyamba kudya kuchokera m'munsi, ndipo ndinganene mosaopa kuti muofesi ya amalume wantchito amene ankamaliza mapepala anali chiswecho.

Zonsezi zikanangokhala zoseketsa pakanapanda nkhani ya abambo.

Abambo anali mkamwini kwathu. Anali mmisiri wa malata, wokhoma ndowa, mbaula ndi zitini zothirira pamsika wa Chileka, ndipo ankabwera Loweruka madzulo panjinga, thumba la masikono likulendewera pahandulo. Chaka chimenecho, titangomaliza kukolola, anakangana ndi amayi. Ine anandithamangitsira kwa mayi oyandikana nafe aja, monga ankachitira nthawi zonse mawu akayamba kukwera, ndipo pobwerera ndinapeza bulangete la abambo ndi wailesi palibe. Anali atapita kukagona kushedi kwawo ku Chileka. Ndinali mu sitandade folo. Abambo anga anali munthu amene anandinyamulapo paphewa pampanda wa bwalo la ndege kuti ndione chindege chikunyamuka, phokoso lake likundinjenjemeretsa mano, iwo akuseka n'kumati tsiku lina ndidzakwera imeneyo. Manja awo ankanunkha dzimbiri ndi sopo wochapira. Ndinkawafuna monga mwana amafunira, ndi mimba yonse.

Kwathu ukwati ukagwedezeka saubweza eni ake. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pamphasa, amamva uku ndi uku, amadzudzula wolakwa, ndipo mwamuna amabwerera m'nyumba. Popanda mphasa imeneyo sangangolowa ngati munthu woiwala chipewa. Nkhoswe ya amayi inali amalume. Ndibwereze kuti mumvetse: kubwera kwa abambo anga kunali m'manja mwa munthu wa malichero atatu.

Nkhoswe ya abambo inali malume awo, nkhalamba yaitali yowonda, mkulu wa mpingo kwawo ku Chileka. Anabwera panjinga kudzera njira zachidule za fumbi, miyendo ya buluku atamanga ndi mphira, nsidze zitayera ngati wachokera kuchigayo. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Analonjerana monga mwa mwambo, anafunsana za ana ndi za misana, kenako nkhalambayo inatsokomola.

"Tabwerera nkhani ya ana athuwa, ankhoswe anzanga. Mnyamata uja akuti mtima watsika, akufuna tikhale pansi."

"Mwalemba?" anatero amalume.

"Kulemba chani?"

"Nkhaniyo. Ine masiku ano m'mutu sindisungamo kanthu, bambo. Anatiuza kuti mutu ndi woganizira, osati wosungira katundu."

Pa mawu onse amene amalume analankhula m'moyo wawo, akuti m'mutu mulibe kanthu ndi okhawo amene ndingawaikire umboni kukhoti.

Nkhalambayo inalibe cholembera. Amalume anaibwereka chimodzi, sichinalembe. Anaibwereka china, sichinalembenso. Pomaliza analemba okha ndi chachinayi, zilembo zikuluzikulu: ZA UKWATI. Anaponya pepalalo m'lichero loyamba, anapinda manja, anadikira pang'ono ngati kuti labwera ndi positi, n'kulitolanso ndi nkhope yodabwa. Kenako anayamba kudzifunsa mokweza monga anawaphunzitsira. "Kodi zingathe m'mphindi ziwiri? Ayi. Kodi zikudikira kanthu? Zikudikira kuti mitima izizire." Ananyamula thadzi lija pang'ono, analowetsa pepalalo pansi pa mazira, n'kulibwezera.

"Nkhani yanu yalowa mu sisitimu, bambo. Muyende bwino."

Nkhalambayo inayang'ana nkhukuyo. Nkhukuyo inayang'ana nkhalambayo. Pa atatuwo, awiri ankaoneka kuti akuchita manyazi.

Nkhalambayo inabweranso mango akuchita maluwa. Inabweranso tchire litapsa, anyamata akukumba mbewa, phulusa likuuluka n'kumagwera m'madzi akumwa. Ulendo uliwonse amalume ankavala jekete, ankaloza lichero ndi chibwano n'kunena kuti, "Ili mkati." Mawu amenewo ndawamva kangati kuyambira pamenepo, m'maofesi a mapepala a galimoto, a malo, a penshoni, kuchokera kwa anthu ovala majekete abwino kuposa ija. Ndikangowamva ndimamva fungo la zitosi.

Dzuwa litayamba kuswa mtengo, nkhalambayo inabwera milomo itang'ambika ndi ludzu. Ulendo uwu sinatsokomole.

"Ankhoswe anzanga, mnyamatayu akufuna adziwe kumene apange mizere chaka chino. Mwamuna sangakhale m'shedi mpaka kalekale. Mvula ikadzagwa, munda umene walimawo ndiye kwawo. Mwandimva?"

"Zimenezo n'zatsopano," anatero amalume, "zikufunika pepala lakelake."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kudana ndi mitambo. Kamtambo kakangotulukira cha kumapiri ndinkakaloza ndi chala n'kukatukwana chamumtima. Anzanga ankapempherera mvula kuti adye maungu, ine ndinkapempherera chilala, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkapemphera ndi mtima wonse, m'tchalitchi, nditavala yunifolomu ya kwaya ya ana.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali amayi. Amayi sanali munthu wosunga mawu. Za mjigo ankawanyoza amalume tsiku ndi tsiku, ndowa ili pamutu, kuyambira kumtsinje mpaka pakhomo. "Mlembi wa madzi a mumchenga wadzuka?" Za malichero, za sopo wothera pa jekete, za mwamuna wamkulu wodya ndiwo zimene sanalime, zonse ankazitchula mayina. Koma nkhalamba ija ikabwera ankaipatsa madzi atagwada, n'kubwerera kukhitchini. Za pepala lokhala pansi pa nkhuku sanatchulepo ngakhale kamodzi. Ine ndinagamula kuti amayi ndi onyada, ndipo nkhaniyi ndiyenera kuigwira ndekha.

Ndinapita kwa aphunzitsi athu, bambo ofatsa amene ankalemba pabolodi ndi choko chaching'ono ngati njere ya chimanga. Ndinawafunsa kalembedwe ka kalata yopita kwa munthu waudindo. Anasangalala, akuganiza kuti ndayamba kukonda sukulu. Anandionetsa poika adiresi, poika mutu wa nkhani, ndi pogwada pomaliza. Ndinang'amba pepala pakati pa kope la masamu n'kulemba kuti ine mwana wa m'nyumba muno ndikupempha kuti nkhani ya abambo anga ituluke pansi pa nkhuku mvula isanagwe, ine wanu wodzichepetsa. Ndinaiponya m'lichero loyamba.

Amalume anaiwerenga katatu, akugwedeza mutu. Chilowereni mu sisitimu, aka kanali koyamba kuti munthu awalembere popanda kumukakamiza. Maso awo analengeza misozi, sindikunama.

"Pamudzi pano munthu ndi mwana uyu basi," anatero. "Enanu ndinu chiwerengero chabe."

Anathamangitsa nkhuku, anafukula m'mapepala, n'kutulutsa lija la ZA UKWATI. Chiswe chinali chitadya theka, ndipo theka lotsalalo linali ndi chidindo cha nkhuku. Analiyang'ana n'kudzifunsa funso limene analumpha poyamba paja. "Kodi pali wina woyenera kuichita?" Anandiyang'ana. "Nkhani ikapeza munthu woifuna, imapita kwa iyeyo. Amatero akatswiri." Ndipo analiponya m'lichero la ZA ENA.

Kenako analemba kakalata, n'kundiwerengera monyadira. Kankati: "Alamu, nkhani yanu tikuidziwa. Fotokozerani mwanayu mbali yanu yonse, adzatiuza, ndipo tidzaona chochita."

Kwa amene sanakulire kwathu, ndinene chonchi. Nkhani za m'nyumba ya akulu mwana sazimva. Akuluakulu akayamba kuzikamba amamutuma kukatunga madzi ngakhale mitsuko yonse ili yodzaza. Kutuma mwana wa sitandade folo kuti akamve mlandu wa bambo ake omubereka kuli ngati kuwavula buluku pamsika n'kuwauza kuti adikire risiti. Galu wa pamudzi pathu akanadziwa zimenezi. Amalume anakhala pa wekishopu, galu sanakhalepo, kusiyana kwake kunali kumeneko.

Ine sindinaone cholakwika. Ndinaona kuti ndikupita kukatenga abambo.

Amalume anauza amayi kuti ndikukathandiza mayi oyandikana nafe aja kunyamula zitenje ku msika wa Chileka, ndipo kwa mayiwo ananena kuti ndikungofuna kukapereka moni kwa abambo. Kakalatako ndinakabisa m'lamba wa diresi. Tinakwera minibasi yomwe chitseko chake chinali chomangira chingwe, ine nditakhala pachigubu cha petulo, mwendo wanga uli pa thumba la usipa la munthu wina. Pa Kameza tinatsika n'kukwera ina yoipa kuposa yoyambayo. Kondakitala ankatipanikiza ndi bondo n'kumati, "Sunthani pang'ono amayi, malo alipo, mwangokhala mwachifumu."

Shedi ya abambo ndinaimva ndisanaione, kugogoda kwa hamala pamalata kukupitirira phokoso lonse la msika. Atandiona anaponya chitini pansi, anandinyamula m'mwamba, n'kumati ndatalika ngati mlongoti. Anandigulira sikono ndi thobwa lozizira la m'botolo. Ndege ina inadutsa chapansipansi, ndowa zonse zopachikidwa zinalira zokha, ndipo ine ndinaganiza kuti tsiku labwino kuposa limeneli silidzabweranso. Ndinapukuta manja padiresi n'kutulutsa kakalata kaja.

Anawerenga ataimirira. Anawerenganso. Khosi lawo linayamba kutupa kuchokera m'kolala, mtsempha wina n'kuima pafupi ndi khutu. Mnyamata amene ankagwira nawo ntchito sanadikire kuona zambiri, anangoika lumo lodulira malata pansi mwakachetechete n'kulowera kuseri kwa mabenchi a tomato. Abambo anatenga ndowa yatsopano imene anali atangoimaliza, yonyezimira, anaiika pachitsulo, n'kuyamba kuimenya ndi hamala. Anaimenya mpaka inaphwatalala ngati chiwaya chokazingira chimanga, anatenga ina, n'kuiteronso. Azimayi a tomato anapitiriza kusanja tomato wawo osacheuka. Chapatali pang'ono panaima mayi wina wachitsikana atanyamula bakuli lokutira kansalu, ndipo sanasendere mpaka hamala itagona pansi.

"Awa ndi a ku Kuntaja, amandiphikira," anatero abambo, akupuma mwabefu. Kenako anagwada kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga. "Ukawauze amalume akowo kuti ine ndili ndi ndevu. Wamva? Ndevu."

Ine, chitsiru cha sitandade folo, ndinayang'ana ndowa zophwanyikazo n'kunena mumtima kuti taonani mmene abambo atisowera.

Mayi oyandikana nafe aja anali atafika, akundikoka dzanja. Sanagulitsenso zitenje tsiku limenelo. Mu minibasi, titadutsa Lunzu, anati, "Za ndowazo usavutike kuwauza amako. Amazidziwa."

Amayi atamva kumene ndinapita ndi chimene ndinanyamula, sanathamangire kwa amalume poyamba. Anandigwira, ananditembenuza uku ndi uku, anandikweza manja, anandiyang'ana kumsana ndi kuseri kwa makutu, ngati munthu wofuna kugula nkhuku pamsika. Atakhutira kuti ndine wathunthu, m'pamene anawoloka bwalo. Zimene anawauza amalume madzulo amenewo sindingazilembe, ndine mayi wa mumpingo. Ndingoti mbuzi zinasiya kubzikula kuti zimvetsere, ndipo amalume anayesa kunena kuti madandaulo amalembedwa, koma sanafike kumapeto kwa chiganizocho.

Nkhalamba ija inabwera komaliza kumwamba kutada kale, mphepo ikununkha chinyezi. Sinatsike panjinga. Inaima pabwalo phazi limodzi lili pansi.

"Ndakhala nkhoswe ya maukwati ambiri, achimwene, ena abwino, ena oti ungolira. Koma mwana kutumidwa kukaweruza bambo ake, ndaonera kuno. Mnyamata uja wapanga mizere ku Kuntaja. Ife tatenga munthu wathu, inu sungani wanu."

"Ndiye kuti nkhaniyi yatha?" anafunsa amalume.

"Yatha."

Nkhope ya amalume inawala. Anatola theka la pepala lija, analemba pamwamba pake kuti YATSEKEDWA, anajambula mizere iwiri pansi, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna munthu woti awayamikire. Inali fayilo yoyamba ndi yomaliza kutsekedwa muofesi imeneyo. Anaiika m'chikwatu cha pulasitiki, ndipo ndikulumbira kuti anakaionetsa pamsonkhano wa komiti ya mjigo ngati umboni wakuti njirayo imagwira ntchito.

Ine ndinalira mpaka mawu anatha. Ndinalumbira kuti sindidzawalankhulanso amalume, ndipo ndinasunga lumbirolo mpaka Khirisimasi, pamene anabwera ndi maswiti.

Anthu ena a m'banja mwathu, makamaka amene sanakhale nawo pafupi, amakonda kunena kuti amalume ankadziwa chimene ankachita, kuti anaona zimene mlongo wawo ankakumana nazo n'kubisala kuseri kwa malichero dala. Ndi nkhani yokoma, ndipo ndikanakonda ikanakhala yoona. Koma ine ndinawachapira jekete munthu uja. Mjigo unakhala wothyoka mpaka bungwe lina linabwera kudzakumba wina pambali pake, ndipo palibe amene anganene kuti mjigowo ankauteteza kwa mwamuna wake. Amalume sanapulumutse munthu. Anangokhala pansi pamalo oyenera, monga mwala umene wagona panjira ya madzi.

Mvula yoyamba inagwa masana, ya madontho akuluakulu odzutsa fumbi, ndipo fungo la dothi linalowa mpaka m'zovala. Kutacha amayi anapita kwa mayi oyandikana nafe aja n'kubwera atasenza katoni yomanga ndi chingwe. Anaitsitsa pamkeka mosamala ngati muli khanda. Munali mbale zadothi za maluwa abuluu m'mphepete, makapu ake ndi tisosala, jagi yagalasi, ndi kalilole wa felemu yamatabwa, zonse zokutidwa m'manyuzipepala achikasu. Zinali mphatso za pa ukwati wawo. Ine ndinali ndisanazionepo. Chibadwire changa tinkadyera m'mbale zachitsulo zopindikapindika, ndipo ndinkayesa kuti mbale zonse padziko zimabadwa choncho.

Anazitsuka imodziimodzi, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, n'kuzisanja pashelefu poyera, pamene aliyense wolowa angazione ndi kuzifikira. Kalilole anamupachika pafupi ndi chitseko. Kenako anawiritsa tiyi, anathiramo mkaka, ndipo kapu yoyamba ya maluwa, pa kasosala kake, anakaipereka kwa amalume, atagwada. Munthu yemwe uja wa madzi a mumchenga. Amalume analandira ngati kuti akhala akuiyembekezera kuyambira ku wekishopu.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinawatsatira amayi m'nyumba n'kuwafunsa chifukwa chimene mbale zathu zinkakhalira kwa eni ake zaka zonsezo.

"Muno munkawomba mphepo," anatero, osatembenuka. "Zikanasweka."

Ndinatuluka panja kukaona. Masamba a mango anali duu, akudontha madzi, utsi wa kukhitchini ukukwera mowongoka ngati nsungwi. Ndinayang'ana mazenera a nyumba yathu, timabowo tiwiri totseka ndi makatoni, ndipo sindinapeze polowera mphepo yoti n'kugwetsa mbale pashelefu. Ndinagamula kuti amayi nawonso mutu wawasokonekera ndi chisoni. Ndinakakhala pachitsa cha m'mphepete mwa njira yochokera ku Chileka, ndikumvetsera belu la njinga, uku m'nyumba makapu akugundana, amayi akuimbabe.